Wolandira Cithandizo si Kapolo

Abale ndi alongo a nthambi yathu, imvani nkhani ya ku Mangalande. M'caka ca 2011 mtsikana wina, Cait Reilly, anali kulandira ndarama zimene Boma lipatsa anthu osowa nchito. Anamuuza kuti akagwire nchito masabata awiri m'sitolo ya Poundland popanda malipiro, apo ayi cithandizo cakeco acidula. Iye sanangong'ung'udza, anakasuma. M'caka ca 2013 bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti malamulo a nchitoyo sanali olongosoka, ndi kuti munthu ayenera kuuzidwa zonse bwino lomwe asanamtume.

Koma oweruzawo anakana kuti imeneyi inali nchito yokakamiza. Apa ine sindibvomereza konse. Agogo athu a ku Thyolo ndi Mulanje, pogwira thangata, nawonso ankauzidwa kuti akungolipira malo okhala.

Tsono Boma likakulembani nchito yolambula mseu, musacite manyazi cifukwa ca umphawi. Funsani kapitao: masiku angati, ndarama zingati, alipira liti, nanga ndikadwala? Kufunsa si cipongwe. Akakana kuyankha, bwerani kwa ine tikaweruka kusukulu, tilembe kalata pamodzi.