Matabwa athu ndi mazira a mpasa

Chaka ndi chaka nsomba za mpasa zimachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Mitengo ikagwetsedwa kumtunda ndi m'mbali mwa mtsinje, mvula imakokolola dothi, matope n'kukwirira mazirawo. Matope omwewo ndi amene timatunga m'ndowa n'kumwetsa ana.

N'chifukwa chake lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Ambirife timayesa lamuloli ndi la ocheka matabwa okha. Komatu matabwa a denga ndi zitseko ogula ndife. Tisanalipire, tizifunsa komwe adachekedwa, tionenso chiphaso chake. Wogulitsa akayamba kuzemba, ndalama ibwerere m'thumba.