Kompyuta ya ku Bangwe ndi ija ya m'thumba mwanu

Masiku ano mawu akuti AI akumveka paliponse: pa wailesi, kusukulu, ngakhale pa WhatsApp. Amenewa ndi mapulogalamu a kompyuta amene amaphunzira kuchokera ku zitsanzo zambirimbiri, kenako n'kumapereka yankho ngati munthu. Ambiri amayesa ndi zinthu za kunja, komatu pa nkhani ya umoyo zinafika kale kwathu kuno.

Mu 2018 ndi 2019, akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anachita kafukufuku wotchedwa PROSPECT pachipatala cha Bangwe, pa anthu akuluakulu oposa 1,400 amene anabwera akutsokomola. Gulu limodzi linajambulidwa X-ray ya pachifuwa, ndipo chithunzicho chinawerengedwa ndi pulogalamu ya CAD4TB yochokera ku Netherlands. Pulogalamuyi imayang'ana mapapo n'kupereka malikisi. Amene malikisi awo anali okwera ankapereka makhololo kuti ayezedwe pa makina a GeneXpert. Odwala chifuwa chachikulu a m'gulu limeneli ankayamba mankhwala patangotha tsiku limodzi, pamene odutsa njira ya masiku onse zinkawatengera masiku 11. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti mapulogalamu otere azigwiritsidwa ntchito pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo.

Masiku khumi si ochepa. M'nyumba za ku Ndirande kapena ku Machinjiri, mmene ana ndi akulu amagona chipinda chimodzi, munthu amene sanayambe mankhwala amakhala akupatsira anzake akamatsokomola. Akatswiri owerenga X-ray ndi ochepa m'dziko muno, choncho kompyuta ikutseka mpata weniweni.

Koma taonani mmene zinayendera. Kompyutayo sinalamule kuti uyu amwe mankhwala. Inangoloza amene ayenera kuyezedwanso, chifukwa zipsera za matenda akale m'mapapo zimatha kuisocheretsa. Makhololo ndiwo anatsimikiza, ndipo wachipatala ndiye anapereka mankhwala.

Apa ndi pamene pali kusiyana ndi AI ya pafoni, monga ChatGPT kapena Meta AI. Iyi siimva mmene mukupumira, siikuyezani kutentha kwa thupi, ndipo siidziwa kuti muli pa ma ARV kapena ndinu woyembekezera pokhapokha mutaiuza. Ikalakwitsa, imayankhabe molimba mtima ngati yodziwa, ndipo Chichewa imachimva movutikira. Mwana akatentha thupi usiku, foni singasiyanitse malungo ndi chibayo. Mungataye tsiku lonse mukuwerenga malangizo ake, mwana akufooka.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Zimene mwalemba pamenepo zimakasungidwa m'makompyuta a makampani akunja. Musatumizeko chithunzi cha buku lanu la kuchipatala, dzina lanu kapena zotsatira za magazi.

Foni ikhoza kukuthandizani kumvetsa mawu ovuta amene adokotala ananena, kapena kukonza mafunso oti mukafunse. Isakuuzeni mlingo wa mankhwala, ndipo isakusiyitseni mankhwala amene munapatsidwa.

Ngati wina m'banja mwanu watsokomola kwa masabata awiri, akutuluka thukuta usiku kapena akuwonda, mupite naye kuchipatala sabata yomwe ino. Kuyezetsa ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo amene wamwa mokhulupirika kwa miyezi isanu ndi umodzi amachira.