Mikate Iwiri ya pa Cithunzi

Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale, mwamva anthu akunena kuti mau amanama koma cithunzi sicinama, popeza maso amadzionera okha. Ine ndikana, ndipo umboni wanga ndi cithunzi cina ca ku Britain.

M'caka ca 1903 Joseph Chamberlain anapempha kuti tirigu wocokera ku maiko acilendo azikhomeredwa msonkho, koma wocokera ku maiko a Ufumu wa Britain, monga Canada, azilowa wopanda msonkho. Otsutsana naye anajambula mikate iwiri. Waukuru anati ndiwo mkate wa malonda opanda msonkho, ndipo waung'ono anati ndiwo wa Chamberlain. Pa cisankho ca 1906 cipani ca Liberal, cimene cinalonjeza mkate waukuruwo, cinapambana kotheratu.

Kodi wojambulayo ananama? Mbali yina ananena zoona. Msonkho wa cakudya upweteka mmphawi koposa wolemera, pakuti ndalama zambiri za mmphawi zimathera pa cakudya. Angelezi anali kukumbukirabe malamulo akale amene anakweza mtengo wa tirigu kufikira anafafanizidwa m'caka ca 1846. Koma wojambulayo anawonjeza dala. Chamberlain mwini wace, polankhula ku Birmingham, anaonetsa anthu mikate iwiri yeniyeni yosiyana pang'ono cabe, kuti aone kucepa kwa msonkhowo.

Colakwa cacikuru koposa ndi cimene wojambulayo anasiya. Sanajambule nyanja, kapena zombo zimene zinali kusenza tirigu kucokera ku America, Russia, Argentina ndi India. Sanajambule minda ya Angelezi imene inasanduka msipu wa ng'ombe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. M'caka ca 1917 sitima za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi zinamiza zombo zambiri, ndipo dziko linaopa njala. Pa nkhondo yaciwiri, kuyambira 1940, shuga ndi nyama zinagawidwa ndi muyeso, ndipo kuyambira 1946 mpaka 1948 ngakhale mkate womwe unagawidwa cimodzimodzi. Pamenepo anthu anazindikira kuti wodya za m'nkhokwe ya kutsidya kwa nyanja amakhuta pokhapokha njira ili yotseguka.

Cifukwa cace musagonjere cithunzi msanga. Ciwerengeni monga muwerenga kalata, ndi kufunsa kuti: anacijambula ndani, afuna kuti ndicite ciani, ndipo wabisa ciani?