Mmodzi ali nako, mnzake alibe: kodi ndi magazi olimba?

Ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota alipo mabanja amene mmodzi ali ndi HIV pomwe mnzake alibe, ndipo nkhani zawo zimafika kwa ife masheikh zinthu zitavuta kale. Bambo amene wapezeka alibe kachilombo amathamangira kunena kuti mayi anayenda njira, kapena amadzitama kuti magazi ake ndi olimba n'kukafunsira mkazi wachiwiri osayezetsanso.

Anthu amene HIV imavutika kuwalowa alipodi. Mu 1996 asayansi anapeza kuti kachilomboka kamalowa m'maselo oteteza thupi kudzera pa kakhomo kotchedwa CCR5. Ena amabadwa kakhomoko kali kotseka chifukwa cha zimene anatengera kwa makolo, zomwe asayansi amati majini (si ziwanda zija ayi). Kuti chitetezocho chikhale champhamvu, munthu ayenera kutengera kwa bambo ndi mayi omwe. Timothy Ray Brown anachira HIV ku Berlin ataikidwa, mu 2007, maselo a munthu wotere pochiza khansa ya m'magazi.

Koma chibadwa chimenechi ndi cha kumpoto kwa Ulaya, ndipo ngakhale kumeneko chili mwa munthu mmodzi pa 100 alionse. Pakati pa ife anthu akuda a mu Africa sichipezeka kwenikweni. Ku Nairobi kunali amayi oyendayenda amene anakhala zaka zambiri osatenga kachilomboka, mpaka ofufuza anadabwa nawo, koma ena mwa iwo anadzakatenga ndithu.

Nanga bamboyo wapulumuka bwanji? Kachilomboka sikapatsirana nthawi iliyonse imene anthu akhalira malo amodzi. Zimadalira kuchuluka kwake m'magazi, zilonda za matenda ena opatsirana, komanso mdulidwe, umene umachepetsa chiopsezo cha mwamuna ndi pafupifupi 60 peresenti. Apa tinenetse, poti ambiri timadalira jando: 60 si 100. Komanso HIV imakhala m'thupi zaka osaonetsa chizindikiro, choncho mayiyo akhoza kuti anaitenga ukwati usanachitike, kapena anabadwa nayo. Kumunamizira chigololo chifukwa cha kapepala ka kuchipatala n'kumulakwira.

Chimene chimatetezadi chinaoneka mu 2011, pa kafukufuku wa HPTN 052 amene mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre anatenga nawo mbali. Wodwala akayamba ma ARV msanga, kupatsira mnzake kunatsika ndi 96 peresenti. Amene alibe kachilombo ali ndi PrEP, ndipo mu July 2025 bungwe la WHO linavomereza lenacapavir, jakisoni wobaya kawiri pachaka.

Nkhawa yathu ili pa ndalama. Kuyambira January 2025, pomwe America inaimitsa thandizo lambiri lakunja, ntchito zopewera HIV zinasokonekera m'maiko ambiri a mu Africa. M'nyengo yotere, mphekesera ya magazi olimba ikhoza kupangitsa bambo kuleka kuyezetsa ndi kuleka kukumbutsa mayi mankhwala. Ankhoswe ndi masheikh omangitsa nikah tipemphe onse awiri kuyezetsa, ndipo pa mitala mkazi wamkulu ayezetse nawo.