Musadule mfuti ya ambuya

Anyamata a mu Lusaka, mwayamba kuona zachilendo pa YouTube ndi pa Facebook: azungu akunyadira mashotigani akale okhala ndi kachitsulo konga kabotolo kukamwa kwake. Ena mwayamba kale kuganiza za mfuti ija ili kuseri kwa chitseko kwa ambuya ku Bundabunda, ati tikaiikeko kameneka kuti ikwere mtengo. Ine ndikuti isiyeni.

Kachitsulo kameneka ndi choke. Shotigani siponya chipolopolo chimodzi, imamwaza tizipolopolo tambiri. Kukamwa kwa mpope kukachepetsedwa pang'ono, mwina ndi milimita imodzi chabe, tizipolopolo timayenda pamodzi ndi kufika patali. W.W. Greener wa ku Birmingham anatchuka ndi luso limeneli cha m'ma 1874, ndipo dzina lake ndi lomwe lija akuluakulu amatchula akamati "Greener yanga". Ndiye kuti mfuti zambiri zakale zinachoka kufakitale zili nayo kale choke yake, yosemedwa m'kati mwa chitsulo.

Pambuyo pake ku America kunabwera Poly-Choke ndi Cutts Compensator, zomangirira kunja. Poly-Choke umaipotokola ndi dzanja kuti mfuti imwaze kwambiri kapena pang'ono. Nzeru yabwino ndithu kwa mlenje wa mfuti imodzi. Koma kuti ilowe, nthawi zambiri amayamba adula nsonga ya mpope, ndipo choke ya kufakitale imapita ndi chidutswacho. Sibwereranso. N'chifukwa chake osonkhanitsa mfuti ambiri amatsitsa mtengo akaona Winchester Model 12 kapena Browning Auto-5 yodulidwa. Alipo ena amene amaikonda, zoona, koma amakonda ija inaikidwa zaka 70 zapitazo ndi mmisiri wa mfuti, chifukwa nayonso ndi mbiri. Sakufuna yanu yomatidwa dzulo ndi wowotcherera mageti ndi mbaula.

Ndipo apa ndi pamene pali ngozi. Mpope umene wakhala m'nyumba ya udzu kuyambira nthawi ya Federation wadya dzimbiri m'kati momwe maso saona. Ukautentha ndi moto wowotcherera, kapena kachitsulo kakakhala kopendama pang'ono, tsiku loomba mpope ungang'ambike. Amene adzataye zala si inu muli ku Kabwata. Ndi amalume amene amathamangitsa nayo anyani ndi nguluwe m'munda wa chimanga.

Za lamulo musanamizane. Firearms Act, Chapter 110, imafuna laisensi, ndipo laisensi ndi ya munthu amene analembetsa mfutiyo. Si njinga yoti mdzukulu angoikweza minibasi pa Great East Road kupita nayo kwa "kasitomala" amene anakumana naye pa WhatsApp. Pa rodibuloko apolisi sadzafunsa ngati ndi ya ambuya. Komanso wogula mfuti mobisa, mumudziwa bwanji kuti ndi wosonkhanitsa zakale? Lower Zambezi National Park ili pafupi, ndipo akuba a mu tauni nawonso amakonda mfuti zofupikitsidwa.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chakuti timayamba kuona phindu la chinthu chathu pokhapokha mlendo akachiikira mtengo m'madola. Mfuti ija ambuya anaigula ndi ndalama zingati, anazipeza bwanji, inapha chiyani chaka cha njala? Mwawafunsa? Mukapita kumudzi, tengani mafuta ndi kansalu, muone ngati mapepala ake ali bwino, ndipo mukhale pansi ambuya akuuzeni akali moyo. Sowo yodulira zitsulo muisiye ku Lusaka.