TISAZULE ANYEZI KHOSI LISANAGWE

Caka ndi caka, kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira Okutobala, acikumbi a m'madimba a ku Nancholi ndi midzi yozungulira amasenza anyezi kunka naye ku misika ya Blantyre, Limbe ndi Zingwangwa. Onse amafika nthawi imodzi, mtengo nugwa, ndipo wotsala amabvunda m'matumba. Ife tiganiza kuti bvuto lalikulu liri pa liwiro la kuzula ndi kusowa kwa masungidwe.

Mcikumbi ali yense adziwa kuti cimanga caciwisi sicilowa m'nkhokwe, ndi kuti fodya wochola asanapse sauma bwino m'cigafa. Lamulo lomweli ligwiranso nchito pa anyezi. Cakudya cimene masamba apanga cimatsikira pansi kukanenepetsa mutu, ndipo cikatha kutsika khosi limafewa, masamba nagona okha. Wozula masamba ali ciriri amazula mutu waung'ono wodzala madzi, umene sungakhale ngakhale mwezi umodzi.

Alimi a maluwa ku Holland adziwa bwino cinthu cimeneci. Maluwa ao ochedwa tulip ali ndi mutu pansi wonga wa anyezi. Amacita maluwa m'mwezi wa Epulo, koma eni ace sakumba mituyo kufikira Juni kapena Julayi, masamba atauma. Akakumba amaiumitsa, naisunga pa malo ouma opita mphepo kudikira nyengo yobzala. Malonda a mituyi afika maiko ambiri cifukwa ca kudekha kumeneko.

Nanga ife ticite ciani? Tikaona kuti masamba ayamba kugona, tileke kuthirira. Theka la munda likagona, kapena kupitirira apo, tizule tsiku lopanda mvula, mosamala kuti khasu lisateme mutu, pakuti bala ndilo khomo la cibvundo. Tiyanike anyeziyo ndi masamba ace omwe masiku 10 kufikira 14, pa mthunzi wopita mphepo. Dzuwa la malimwe limapsereza mutu wosaphimbidwa. Cigafa ca fodya, cimene pa miyezi iyi cimangokhala copanda kanthu, ndico malo abwino koposa a nchito imeneyi.

Khosi likauma ndi makoko akayamba kulira pogwira, tidule masamba kusiya khosi lotalika zala ziwiri, kapena tiluke masambawo ndi kupacika mitolo pa mitanda. Ena amayala pa thandala. Zonse nzabwino, malinga anyezi asakhudze pansi, asaunjikane, ndipo asatsekeredwe m'thumba la pulasitiki m'mene mpweya sulowa. Sabata iri yonse tiyendere ndi kucotsa wobvunda kapena wophuka, cifukwa mmodzi woola amapatsira anzace.

Tidziwenso kuti mitundu isiyana. Anyezi wofiira wa Red Creole amasungika miyezi ingapo. Texas Grano, woyererako ndi wozuna, sakhalitsa. Feteleza wothira mocedwa amakulitsa khosi, ndipo khosi lalikulu siliuma msanga.

Ena adzati, "Tidikira bwanji pamene ana afuna ndalama za sukulu, ndipo akuba ayendera madimba usiku?" Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo sitiwapeputsa. Yankho lathu ndi kusankha. Anyezi wa khosi lalikulu, wobvulala, wogawanika pawiri ndi wa mtundu wosakhalitsa apite ku msika lero lomwe, pakuti ameneyo sangasungike ngakhale titafuna. Wolimba ndi wouma bwino akhale m'cigafa pafupi ndi nyumba, pamene maso a mwini afika. Cotero banja lipeza ndalama ya lero, osagulitsa munda wonse kwa opikula pa mtengo umene iwo anena.

Mvula ikagwa anyezi amacepa m'misika, cifukwa sacita bwino m'dzinja, ndipo mtengo umakwera. Imeneyo ndiyo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, feteleza wobereketsa afunika, ndipo fodya sanapite ku msika. Mitolo yopacikidwa m'cigafa idzagula ufa pa nthawi imene ndalama isowa pakhomo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Amene afuna kudziwa zambiri za mitundu ndi nthawi yofesa afunse Mlangizi wa malimidwe wa m'dera lao, nazale ya caka camawa isanakonzedwe.