Beni wa kwa Malemia: Kunyoza Kapena Kusirira?

Munthu amene anaonapo beni akuvinidwa m'midzi ya kwa Malemia, m'munsi mwa phiri la Malosa, anyamata atavala makhaki ndi zipewa za usilikali, mendulo zikulendewera pachifuwa, mtsogoleri wawo akuliza wenzulo ndi kuguba monyang'wa ngati kuti Bwanamkubwa wafika kudzayendera perete, sangalephere kudzifunsa mumtima ngati anthuwa akuseka msilikali wa Mfumu ya ku England kapena akumsirira.

  

Iwo amene amati beni ndi chitonzo ali ndi mfundo yolemera. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 makolo athu anatengedwa, ena kukhala asilikali a King's African Rifles ku Zomba, ochuluka kukhala amtengatenga amene anasenza katundu mpaka kufa ndi njala ndi nthenda m'thengo. Ndipo popeza munthu wamba sakanatha kutukwana mwini mfuti pamaso, anavala chovala chake, nadzitcha Kingi kapena Kaputeni, nayenda mayendedwe ake mokokomeza kufikira mudzi wonse utagwa ndi phwete. Ngakhale gule wamkulu ali naye Simoni wake wa nkhope yofiira, woseka mzungu.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndani amene amasita khaki mpaka kuthwa mzere, napukuta nsapato, nataya madzulo ambiri akuphunzira kuponda phazi pamodzi ndi anzake, chifukwa cha chinthu chimene amachinyoza? Terence Ranger, m'buku lake la 1975, analondola guleyu kuchokera ku Lamu ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1890, napeza kuti mtima wake unali mpikisano wa magulu, lililonse kufuna kuposa linzake pa ukhondo ndi dongosolo. J. Clyde Mitchell, amene anakhalapo pakati pa Ayao asanalembe za kalela wa ku Luanshya mu 1956, anaona kuti ovina gule wobadwa kwa beniyu ankavala mwaudongo ngati azungu, pamene nyimbo zawo zinkalasa anthu a mitundu ina.

Ine ndimapendekera ku mbali yachiwiriyi, ngakhale sindikana kuti kuseka kunalimo, pakuti amene anatha kutsanzira sajeni mpaka anthu kumzindikira ndi yekhayo amene anaimapo pa perete wake dzuwa likuswa mtengo, namuopa, namkhumbiranso lamba wake. Ulamuliro wa atsamunda unatha mu 1964, koma beni akuvinidwabe pa zikondwerero ndi pa misonkhano ya ndale m'chigwa cha Domasi, ndipo anyamata oguba lero, amene sanamuonepo kaputeni wachizungu, amene akuwatsanzira ndi agogo awo.